Windo Lothawira Moto

A Maloko sanabadwe ndi dzina limenelo ayi, analigwirira ntchito. Munthu ankakiya geti, n'kukiya chitseko, n'kukiya kabati ya shuga, kenako n'kukiya kabokosi kosungira makiyi a zonsezo. Ngakhale chimbudzi cha kuseri chinali ndi loko wake, moti mlendo wotsegula m'mimba ankayamba wapempha kiyi mwaulemu, thukuta lili kamukamu. Akamayenda, mulu wa makiyi unkalira m'chiuno mwawo, ndipo agalu a mumsewuwo ankawazindikirira patali.

Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a zitseko, koma makamaka zitsulo za m'mawindo zotchinga akuba. Shedi yawo inali kumapeto kwa msewu, moyang'anizana ndi kanyumba kometera tsitsi. Munali makina owotcherera, galayinda yodulira ndi kupalira zitsulo, nyundo yaikulu ndi chidutswa cha njanji chimene ankawongolerapo zitsulo. Tisanamizane, a Maloko ankadyera mantha a anthu. Kukangomveka kuti kwa auje kwabedwa, m'mawa mwake pashedi pankadzaza makasitomala. Koma musaganize kuti ankawathokoza akubawo. Ankadana nawo ndi mtima wonse, ndipo m'maso mwawo munthu aliyense anali wakuba amene sanapeze mpata chabe. Ukawapatsa moni, ankayamba ayang'ana manja ako asanayankhe.

Mtima umenewu sanautole pamsewu. Bambo awo anali mlonda wa sitolo, ndipo tsiku lina achifwamba anawamenya ndi chitsulo m'chiuno. Anabwera nawo kunyumba atawanyamula, ndipo kuyambira pamenepo sanayendenso popanda ndodo. Achifwambawo anagwidwa, koma chaka chisanathe anthu anawaona akumwa mowa kumsika. A Maloko anali mwana wasukulu nthawi imeneyo. Sukulu inathera pomwepo, n'kupita kukaphunzira ntchito kwa wowotcherera wina, m'mutu muli chinthu chimodzi: kupanga zitsulo zoti wakuba akaziona azingobwerera.

Anaziphunziradi, mpaka zinawapweteka. Adakali wophunzira, iwo ndi bwana wawo anaika zitsulo m'nyumba ya mayi wina wa ana awiri. Inali ntchito yolimba, yonyaditsa. Masana ena mayiyo anakiyira ana m'nyumba n'kuthamangira kumsika, ndipo m'mbuyo muno mawaya a magetsi anayaka. Anthu anabwera ndi nkhwangwa ndi makasu, a Maloko nawo anathamangirako. Chitseko chinali chachitsulo, chopanga iwo omwe. Anakoka zitsulo za pawindo mpaka zikhatho zinasupuka, koma pamene anawotcherera iwo sipanagwedezeke n'komwe. Anawo sanatuluke. Nkhani imeneyi a Maloko sankaikamba kwa munthu, koma inawakhala pamtima moyo wawo wonse.

Choncho atatsegula shedi yawoyawo anayamba kachitidwe kena. M'nyumba iliyonse imene ankaikamo zitsulo, windo limodzi la kuchipinda sankaliwotcherera. Ankaliika pa mahinjesi obisika, n'kulitseka ndi kachitsulo konga msomali kolowa pansi pa felemu. Ukaliona kunja linkafanana ndi anzake onse, koma munthu wa m'kati akazula kachitsuloko, zitsulo zonse zinkatseguka ngati chitseko. Akamaliza ntchito ankakokera mwini nyumba pambali, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kumunong'oneza:

"Ili ndi windo lothawira moto. Ndachitira nyumba yanu yokha, chifukwa ndimakulemekezani. Izi ndi za inu ndi ine, ndi a m'nyumba muno basi."

Mwini nyumba ankagwedeza mutu akumva kukoma. Ndipo mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi, a Maloko anakawanong'oneza pafupifupi m'nyumba iliyonse ya mumsewuwo. Ankati munthu akamva kuti chinsinsi ndi chake yekha, amachisunga.

Anakwatira mkazi wodekha koma wa pakamwa pakuthwa, amene anapirira maloko onsewo zaka zambiri. Ankapempha kiyi wa shuga m'nyumba mwake momwe, ndipo alendo akadabwa ankangoti, "Musawaone choncho, ngakhale ine akadandifufuzabe." Ana anakula n'kukakhala paokha, nyumba n'kutsala ya awiri. Ndiye m'chaka chimene tikunenachi, mkaziyo anabwera ndi nkhani pa chakudya: mlongo wake wamng'ono akutuluka kundende, ndipo alibe kolowera.

Mlamu ameneyu anamangidwa ali mnyamata. Anali m'gulu limene linathyola sitolo n'kuvulaza mlonda. Mlonda, mwamva? A Maloko anaika supuni pansi.

"Amayi, mukufuna kundiikira njoka m'thumba?"

"Ndi mlongo wanga, abambo. Chilango chake wamaliza. Mukufuna akagone kuti, m'ngalande?"

"Abwerere komwe wachokera. Kumeneko kuli maloko abwino."

Anakangana masiku angapo, ndipo monga zinkakhalira m'nyumbamo, wopambana anali amene sankanyamula makiyi.

Mlamu anafika ndi kachikwama kamodzi. Anali munthu wowonda, wa imvi zofulumira, wolankhula motsitsa, wosakonda kuyang'ana anthu m'maso. Mumsewu sanachedwe kumupatsa dzina: Wandende. A Maloko anamutengera kushedi, osati chifukwa cha chifundo, koma kuti azimuona. Anali ndi manja abwino, izi ngakhale iwo sanakane. Ankadula zitsulo mowongoka, ankapaka penti osadonthetsa, ndipo waya ankapinda ndi zala ngati akupinda udzu. Windo lothawira moto analiona tsiku loyamba kukaika zitsulo, n'kungoti, "Nzeru zabwino izi, alamu." Mawu amenewo a Maloko anayenda nawo tsiku lonse. Zabwino kwa ndani?

Masana aliwonse, magetsi akathima kapena ntchito ikachepa, anthu ankasonkhana pakhonde la Ometa, ndipo pamenepo ndi pamene dziko linkaweruzidwa. Panali Ometa eni ake, amene ankagwirizana ndi aliyense wolankhula pomaliza. Panali Aphunzitsi, opuma ntchito, okonda kuyamba ndi "tiyeni tione kaye". Mayi a Golosale ankaponya mawu ali pakhomo la golosale yawo, diso limodzi lili pakauntala. Za mpira ndi za ndale aliyense ankalankhulapo, koma nkhani ya akuba inali ndi mwini wake.

"Ine wakuba sindimufunira ndende," ankatero a Maloko, magalasi akuda owotcherera ali pachipumi. "Kumeneko akukadya zaulere. Dzanja laba, dzanja lomwelo liphwanyidwe, basi. Aliyense akamuona azidziwa."

"Tiyeni tione kaye," anatero Aphunzitsi. "Womangidwa molakwika mutha kumutsegulira chitseko n'kumupepesa. Nanga dzanja mungalibwezeretse?"

"Wosalakwa amatani pamene pabedwa?"

"Apolisi alipo, makhoti alipo."

Mayi a Golosale anaseka chikhakhali. "Apolisi ake ati? Uja anandithyolera kumbuyoku ndinakamupereka ndekha Lolemba, Lachitatu anabwera kudzagula sopo, n'kundipatsanso moni. Ine ndili ndi a Maloko. Wakuba dzanja. Womenya anthu ndiye asatsale n'komwe ndi moyo."

"Pamenepo mwanena," anatero Ometa. Aphunzitsi atati kupha munthu pamsewu nakonso ndi uchifwamba, Ometa anati, "Pamenepo mwanenanso."

Tsiku lina Aphunzitsi anatembenukira kwa Wandende, amene ankadya nkhomaliro chapatali, atakhala pa chitini cha penti. "Inu munakhalako. Kumasintha munthu kumeneko?"

Wandende anatafuna nthawi yaitali. "Ena amatuluka ataipiratu, aphunzitsi. Ena amatuluka atatopa. Ine ndinatopa." Anapukuta pakamwa n'kuwonjezera, "Koma chilango chenicheni chimayamba ukatuluka."

A Maloko mumtima anati: wotopa amapuma, akapuma amayambiranso.

Kuba kunayamba nyengo yotentha, pamene anthu ankasiya mawindo otsegula podalira zitsulo, ndipo kunali kwa mtundu wachilendo. Kunkachitika masana dzuwa likuswa mtengo, akulu ali kuntchito, ana ali kusukulu. Loko wosathyoledwa, chitseko chili chikiyire, denga lili bwinobwino, koma tivi palibe, mabulangete palibe. Nyumba yoyamba anthu anati ndi wachibale. Yachiwiri anati ndi matsenga. Yachitatu anaitana a Maloko kuti akaone, ndipo atagwada pansi pa windo la kuchipinda anaona pamene kachitsulo kaja kamalowa pali pokandika. Wina anapisa waya wopinda kuchokera kunja, n'kukola kachitsuloko, n'kukakweza, ndipo potuluka anabwezera zonse mwaulemu.

Sanauze munthu. Anangoti, "Zitsulo zili bwino," n'kubwerera kushedi, kumene mlamu wawo ankapala dzimbiri pageti uku akuimba mluzu.

Kuyambira tsikulo anayamba kumulonda, ndipo munthu ukamamulonda ndi mtima wotero supita padera. Nthawi ya nkhomaliro mlamu anayamba kusowa osanena kumene akupita, n'kubwera akumwetulira yekha. Anayamba kumeta ndevu tsiku ndi tsiku. Tizidutswa ta waya ta pashedi tinayamba kuchepa. Tsiku lina a Maloko akupisa m'thumba la jekete ya mlamu, monga mwa chizolowezi chawo, anapezamo kawaya kopindidwa kumapeto ngati mbedza. Ndipo pamwamba pa zonsezo, Lolemba lina mlamu anafika kushedi atavala nsapato zatsopano, zachikopa, zofiirira, za zingwe zazitali.

"Nsapato zabwino, alamu."

"Zikomo, alamu."

"Zodula, eti?"

Mlamu anayang'ana pansi n'kumwetulira mwamanyazi. "Ndi mphatso."

"Ya ndani?"

"Mudzamva nthawi ikakwana."

Inde, tidzamva kupolisi, anatero a Maloko mumtima.

Masana ena anamutsatira, dzanja litagwira makiyi kuti asalire. Mlamu anadutsa pamsika, n'kukhotera kanjira ka kuseri, n'kuzimiririka pakati pa zovala zoyanikidwa. Sabata yomweyo nyumba ina ya mukanjira komweko inabedwa. Kwa a Maloko mlandu unatha pamenepo. Kunyumba anawonjezera loko wina pachitseko cha kuchipinda kwawo, ndipo mkazi wawo anaona.

"Abambo, ngati muli ndi mawu ndi mlongo wanga, mufunseni. Pakamwa muli napo."

"Wakuba ukamufunsa amati inde?"

"Ndiye mwamuweruza kale."

"Sindinanene kanthu ine."

"Maloko anu anena."

Pakhonde la Ometa namo zinthu zinasintha. Anthu anayamba kuyang'anana cham'mbali. Wobwera ndi foni yatsopano ankayamba wafotokoza kumene waitenga asanakhale pansi. Mayi a Golosale anati akadzagwidwa ameneyu asadzawononge nthawi ya apolisi. Aphunzitsi anati gulu lokwiya siliona nkhope, limangoona msana wa amene akuthawa. A Maloko, eni nkhani, anali duu.

"Lero mwatani, a Maloko?" anafunsa Mayi a Golosale. "Masiku onse mumaphwanya manja pano. Kapena poti nyumba zikubedwazi zonse zili ndi zitsulo zanu?"

Ananena moseka, anthu n'kuseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

Apa a Maloko anali pakati. Akanena zimene ankaganiza, anthu a mumsewu, amene iwo omwe anawaphunzitsa chochita ndi wakuba, sakanamusiya mlamuyo, ndipo banja lawo likanathera pomwepo. Akakhala chete, tsiku lina kuseka kuja kudzatha, ndipo wakuba adzakhala iwo, mwana wa mlonda. Ankaopa zonse ziwiri, koma kunena chilungamo, ankaopa kwambiri chachiwiricho.

Tsikulo linafika Lachisanu masana. Wakuba analowa kwa Mayi a Golosale poganiza kuti mulibe munthu, koma m'chipinda munagona mayi awo okalamba, odwala miyendo. Atakuwa, wakubayo anawamenya ndi chitsulo m'mutu. Anathawa osabwezera windo, ndipo anthu atathamangirako anapeza zitsulo zili chitsegukire, okalambawo ali m'magazi. Anawakweza galimoto ya kuchipatala, gulu lonse n'kutembenukira kushedi.

Mayi a Golosale anali patsogolo, magazi a mayi awo ali pabulauzi.

"A Maloko! Windo lija ndani wina ankalidziwa?"

"Ndi iwo omwewa!" wina anakuwa kumbuyo. "Amaika zitsulo m'mawa, masana n'kudzatsegula okha!"

Munthu amene moyo wake wonse ankaloza ena chala anaona zala zonse zitaloza iye. Mlamu anali atangofika kumene kuchokera kumene ankasowera kuja, ataima pafupi ndi njanji, nsapato zikuwala, kawaya kakusuzumira m'thumba la jekete. A Maloko sanatchule dzina la munthu. Mpaka lero angathe kulumbira kuti sanatchule. Anangotembenuza mutu n'kumuyang'ana mlamu wawo, kuyambira kuthumba mpaka kunsapato, ndipo gulu lonse linatsatira maso awo.

"Wandende!"

Zinachitika mofulumira. Wina anasolola kawaya kaja n'kukakweza m'mwamba kuti onse aone. Mlamu anayesa kulankhula, koma chibakera chinamutseka pakamwa. Aphunzitsi anakuwa kuti tiyeni tione kaye, anthu n'kuwakankhira m'ngalande, ndipo atadzuka anathamangira kukaitana apolisi. Ena ankafuna petulo. Ndiye Ometa, kaya pofuna kupulumutsa moyo, kaya pofuna kungogwirizana ndi onse, anakweza mawu: "Osamupha! Chitani zimene amanena a Maloko. Dzanja!"

Anagoneka dzanja lamanja la mlamu panjanji ija. Nyundo inali pafupi, ya a Maloko omwe, yosakiyidwa. Mlamu anatukula mutu n'kuwayang'ana a Maloko m'maso, koyamba chibwerereni.

"Alamu," anatero. "Alamu, auzeni."

A Maloko anatsitsira magalasi akuda aja kumaso. Zotsalazo anazimva ndi makutu okha.

Apolisi anafika anthu atabalalika. Anamutengera mlamu kuchipatala n'kumumanga unyolo kubedi ndi dzanja lotsalalo. Mkazi wa a Maloko sanalire pamaso pawo, sanatukwane. Anaphika, n'kuvundikira mbale, n'kupita kuchipatala, ndipo anachita zimenezo tsiku ndi tsiku osawalankhula. A Maloko anatsuka njanji ndi madzi a sopo, n'kudziuza kuti chilungamo chimawawa. Mumsewu anthu ankawapatsa ulemu wapadera: munthu wosakondera ngakhale mlamu wake. Ulemu umenewo sunawakome monga ankayembekezera.

Sabata isanathe, mlamu akadali pa unyolo, kwa Ometa kunabedwa. Masana, chitseko chili chikiyire, windo la kuchipinda.

Anthu anasonkhana pakhonde paja, koma tsikuli panalibe wokweza mawu. Ometa ankangokanda mutu. "Koma zatheka bwanji? Windo limenelo a Maloko anachitira nyumba yanga yokha. Ine ndinangoonetsa mkazi wanga, ndi mphwanga, ndi anthu anadzapaka penti aja kuti asalimatire."

"Yanu yokha?" anatero Aphunzitsi. "Kwathunso lilipo. Adzukulu anga amatulukirapo akamathawa kusamba. Anzawo onse amalidziwa."

"Ine ndinaonetsa wantchito uja ndinamuchotsa," wina anatero chapansipansi.

Mayi a Golosale anagwira pakamwa. Mayi awo anali atatsitsimuka koma osakumbukira nkhope ya munthu. Mayi a Golosalewo windolo anaonetsa anthu obweretsa katundu wa m'golosale, tsiku limene anataya kiyi wa nyumba.

Mmodzimmodzi ananena zake, ndipo pomaliza zinaoneka kuti mumsewu monsemo amene ankayesa kuti windolo ndi chinsinsi anali a Maloko okha. Munthu wokayikira dziko lonse, wokiya shuga, anagawa kiyi wa nyumba iliyonse ndi pakamwa pake, n'kukhulupirira kuti anthu salankhula. Palibe anawayang'ana. Aliyense ankayang'ana manja ake.

Dzuwa litapendeka, kushedi kunafika mayi wina wamfupi, tepi yoyezera ili m'khosi, maso ali otupa. Anali telala wa mukanjira kaja ka kuseri kwa msika. Anaika panjanji mtolo wa mahang'ala a waya, opindidwa bwino, onse okhala ndi mbedza yofanana kumutu.

"Awa alamu anu amandipindira kuti ndizikolekapo zovala za makasitomala," anatero. "Akuti waya ndi wanu, ndiye ndabweza, musadzati anaba. Nsapato zija ndinawagulira ndine. Ndinapita kupolisi kukanena kuti Lachisanu anali kwa ine, akuti mkazi aliyense amatero." Anawayang'ana a Maloko. "Timafuna tibwere tonse kudzakuuzani za ukwati. Iwo amati tidikire kaye, mpaka alamu ayambe kuwakhulupirira."

A Maloko anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, manyazi ofika m'mafupa.

Apolisi anamumasula mlamu popanda mlandu. Ophwanya dzanja sanapezeke. Ukafunsa, msewu wonse unali kuntchito tsiku limenelo. Wakuba weniweni sanagwidwe mpaka lero. A Maloko anazungulira nyumba zonse kusintha kachitsulo kaja kuti kasamakoledwe ndi waya. Ena anawauza kuti angoliwotcherera windolo, koma chimenecho chokha anakana. Dzanja la mlamu linapola, koma zala zinauma zili zopindika. Silikanagwiranso waya, ngakhale batani la shati.

Tsiku limene anabwera ndi mlamu kunyumba, mkazi wa a Maloko anaima pakhomo n'kutambasula dzanja. "Makiyi." A Maloko anawapereka. Mkaziyo anayenda nyumba yonse akutsegula, kabati, kabokosi, chipinda, chimbudzi, maloko onse n'kuwaponya m'ndowa. Atamaliza anawayang'ana amuna ake.

"Dzanja lija linali lamanja, abambo. Kuyambira lero dzanja lake lamanja ndinu."

A Maloko anakhala pansi moyang'anizana ndi mlamu wawo n'kuyesa kupepesa. Mawu otero sanawazolowere, ankatuluka mokakamira ngati bawuti wadzimbiri. Mlamu anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mukanangondifunsa, alamu."

"Ndinakufunsani za nsapato."

"Munafunsa nsapato. Ine simunandifunse."

Pakhonde la Ometa mlandu wa akuba sunathe, chifukwa kuba nako sikunathe. Mayi a Golosale akunenabe kuti womenya okalamba sayenera kukhala ndi moyo, ndipo ndani angawatsutse, mayi awo mpaka lero amanjenjemera chitseko chikagogodwa. Aphunzitsi akunenabe za makhoti, ngakhale makhotiwo sanagwire munthu. Ometa akugwirizanabe ndi onse. Nthawi zina mlendo wosadziwa amafuulira kutsidya kwa msewu, "Nanga inu a Maloko mukuti bwanji?" Iwo amayatsa galayinda.

Mlamu tsopano amathandiza kwa telala uja, kusita zovala ndi dzanja lamanzere, ndipo za ukwati zili m'kati. Zambiri waphunzira kuchita yekha, koma zingwe za nsapato sizimangika ndi dzanja limodzi. Ndiye m'mawa uliwonse amakhala pampando pakhonde, geti lili lotsegula, ndipo a Maloko amagwada ndi mawondo awo olirawo n'kumumangira nsapato zofiirira zija, anthu opita kuntchito akudutsa, ena akuyang'ana kumbali.

Ulendo wina, mawondo atawavuta kwambiri, a Maloko anabwera kuchokera kumsika ndi nsapato zina, zabwino ndithu, zongolowetsa phazi, zopanda zingwe. Anaziika pakhonde osanena kanthu. Mlamu anazitembenuza ndi dzanja lamanzere, n'kuziyamikira chikopa chake, kenako n'kuzikankhira pambali. Anakoka zofiirira zija, n'kulowetsa mapazi, zingwe zili lendelende.

"Izi ndi mphatso, alamu," anatero.

A Maloko anagwada.